Galu Amene Anakhala Nane Chete

Galuyo sanali wanga. Anali wa amuna anga, ndipo kwa zaka 6 ine ndi iye tinkangodziwana ngati anthu oyandikana nyumba amene amapatsana moni koma sachezerana. Anabwera naye ali kamwana kotuwa, ndipo dzina linachokera pamtundu wa ubweya wake: Phulusa. Ine ndinkamupatsa madzi, ndinkamukalipira akalowa m'nyumba ndi matope, basi. Mtima wake wonse unali pa bambo a ana anga. Akangomva mgugu wa mapazi awo patali, thupi lonse linkayamba kugwedezeka, kuyambira kumchira mpaka kumakutu.

Amuna anga anadwala miyezi 11. Za matendawo sindinena. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi zimene zinachitika anthu odzatipepesa atabalalika, ana atabwerera kwawo, nyumba itangoti zii.

Ndakhala Mkhristu kuyambira ndili mtsikana. Mavesi onse amene anthu ankandiwerengera masiku amenewo ndinkawadziwa pamtima, ena ndinawerengerapo anzanga oferedwa ndi pakamwa pangapa. Anali oona, ndipo mpaka lero ndimawakhulupirira. Koma nthawi imeneyo ankangogwa pa ine ngati mvula pathanthwe. Ndikagwada kuti ndipemphere, ndinkangofika pa "Atate" n'kuima. Sindinkakwiyira Mulungu. Mwina kukwiya kukanakhala bwino, chifukwa wokwiya amakhala ndi mawu. Ine mawu anali atandithera.

Tulo tinkanditha cha m'ma 3 koloko usiku. Ndinkadzuka n'kukakhala pansi pafupi ndi chitseko, nditatsamira khoma, mumdima. Usiku wina ndinamva zikhadabo zikugunda pansi, kenako kulemera kwa chibwano chikukhala paphazi langa. Phulusa anapumira m'mwamba kamodzi, kupuma kwakutali kuja kumene agalu amapuma akamagona, n'kukhala duu. Sanandinyambite, sanafune kuti ndimusisite. Tinakhala choncho mpaka kunja kutayamba kuyera. Usiku wotsatira anabweranso, ndipo kuyambira pamenepo sanaphonye.

Panapita masiku ndisanazindikire kuti nayenso anali woferedwa. Madzulo aliwonse, nthawi imene amuna anga ankakonda kufika, iye ankapita kukakhala pageti, makutu ali njo, akuyang'ana kumsewu. Kukada ankabwerera, mchira uli pansi. Anachita zimenezi kwa miyezi. M'nyumba monse, ndi iye yekha amene ankadikira munthu yemwe uja ine ndinkamudikira, ngakhale tonse awiri tinaona akumunyamula.

M'buku la Yobu muli vesi limene ndinaliwerenga kambirimbiri osaliona. Anzake atatu a Yobu atafika n'kumupeza atakhala paphulusa, anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku, ndipo palibe amene ananena naye kanthu, chifukwa anaona kuti ululu wake unali waukulu (Yobu 2:13). Ndikuganiza kuti pa zonse zimene anachita, chabwino chinali chimenechi. Atangotsegula pakamwa zinthu zinasokonekera. Anayamba kufotokozera munthu wovutika chifukwa chimene akuvutikira, mpaka Yobu anawatcha otonthoza osautsa, ndipo kumapeto Mulungu mwini anauza Elifazi kuti iye ndi anzake awiri aja sananene zoona za iye. Sindikudzudzula abale ndi alongo amene ankandiyendera. Ankandikonda, ndipo munthu ukaona mnzako akumira umaponya chilichonse chimene uli nacho m'manja, ndipo ife anthu chimene timakhala nacho ndi mawu. Koma Phulusa analibe mawu oti aponye. Iye anangotsala m'chaputala 2 chomwecho, osapitirira.

Buku lomwelo ndi limene ndinayamba kutsegulanso nditatha miyezi ingapo Baibulo lili chitsekere. Ndinapita kumapeto, kumene Mulungu akuyankha Yobu ali mumphepo yamkuntho, ndipo chinandidabwitsa ndi ichi: munthu wafetsa ana 10 tsiku limodzi, wafunsa "chifukwa chiyani" kwa machaputala oposa 30, ndipo Mulungu atabwera akuyamba kumuuza za nyama. Ndani amasakira mkango waukazi chakudya? Ndani amakonzera khwangwala chakudya ana ake akamalirira kwa Mulungu? Kodi ukudziwa nthawi imene mbuzi zakumapiri zimaswa, unawerengapo miyezi yake? Ndani anamasula bulu wakutchire kuti aziseka phokoso la mumzinda? Akunena za nthiwatiwa imene imasiya mazira ake pansi, n'kuiwala kuti phazi lingawaphwanye, koma ikayamba kuthamanga imaseka hatchi ndi wokwerapo wake. Akunena za hatchi yankhondo imene imapalasa pansi ikamva lipenga, za kabawi wotambasula mapiko kulowera kumwera, za chiwombankhanga chomanga chisa pathanthwe lalitali. Kenako Behemoti ndi Leviyatani, zilombo zimene munthu sangazimange chingwe.

Kale ndinkawerenga machaputala 38 mpaka 41 ngati Mulungu akutseka Yobu pakamwa, akumuuza kuti iwe ndiwe yani. Zimenezo zilimo ndithu. Koma nditawerenga galu ali chigonere pamapazi panga, ndinaona chinanso. Ndinaona Atate akugwira dzanja mwana amene walira mpaka kutopa, n'kumutulutsa panja kuti, "Tabwera uone." Zambiri mwa nyama zimenezi zilibe ntchito kwa munthu. Sizilima, sizinyamula katundu, zimabereka kutali kumene kulibe diso la munthu. Koma pali wina amene amawerenga miyezi ya bere la mbuzi yakuphiri. Funso la Yobu silinayankhidwe, ndipo langanso silinayankhidwe. Yobu anangoti kale ndinkamva za inu ndi khutu, koma tsopano diso langa lakuonani.

Tsiku lina mayi wina wa kutchalitchi kwathu, munthu wamkulu amene ndimamulemekeza, anandipeza nditakhala pansi ndi Phulusa. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Mayi, galu ndi galu. Chitonthozo chanu chili mwa Ambuye." Mawuwa anandilowa, chifukwa nanenso ndinali nditayamba kudzifunsa. Baibulo silinena zabwino zambiri za agalu. Galu amabwerera ku masanzi ake, akutero Miyambo 26:11. Paulo akuchenjeza Afilipi kuti asamale ndi agalu. Agalu ndi amene anadya mtembo wa Yezebeli, ndipo kumapeto kwenikweni, pa Chivumbulutso 22:15, agalu ali kunja kwa mzinda. N'zoona kuti agalu ambiri a m'mizinda ya nthawi imeneyo anali opanda mwini, oyendayenda m'misewu kudya zotayidwa, ndipo n'zoonanso kuti Paulo ndi Yohane akunena za anthu a makhalidwe oipa. Komabe mtima wanga sunakhazikike. Ndinkaopa kuti mwina ndapatsa cholengedwa malo a Mlengi.

Ndinapita kukaonana ndi abusa. Ndinawafotokozera zonse, kuti kupemphera kukundikanika, kuti chimene chikundithandiza kufika m'mawa ndi galu, ndipo ndinawafunsa kuti, "Abusa, kodi ndikuchimwa?" Anakhala kaye chete, kenako anatsegula 1 Mafumu 17, pamene Eliya akubisala kumtsinje wa Keriti nthawi yachilala, akhwangwala n'kumamubweretsera mkate ndi nyama m'mawa ndi madzulo.

"Mayi, Eliya atadya mkate uja, kodi anagwadira akhwangwala?"

"Ayi, abusa."

"Nanga anaukana, kuti ine ndikufuna Mulungu andipatse ndi dzanja lake?"

Anandikumbutsanso kuti pa Levitiko 11 khwangwala ali m'gulu la mbalame zodetsedwa. Mulungu sanasowe angelo, koma anatuma mbalame imene Mwisiraeli sakanaidya n'komwe, ndipo mneneri anadya zochokera m'milomo yake osafunsa mafunso. Ndinatuluka muofesi muja ndikulira, koma kunali kulira kwina.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona nyama paliponse m'Malemba, ngati mmene umaonera anthu oyembekezera paliponse ukakhala kuti nawenso uli ndi pakati. Mulungu anakumbukira Nowa, akutero Genesis 8:1, ndi nyama zonse zimene zinali naye m'chingalawa. Lamulo la Sabata likupumitsa ng'ombe ndi bulu pamodzi ndi mwini wake. Bulu wa Balamu anaona mngelo katatu mneneri asakuona kanthu, n'kumenyedwa katatu chifukwa chopulumutsa mbuye wake. Lazaro wosauka uja atagona pakhomo la munthu wachuma, agalu ankabwera kudzanyambita zilonda zake. Akatswiri a Baibulo amasiyana maganizo pa vesi limeneli: ena amati agaluwo akungowonjezera manyazi ndi masautso ake, ena amati Yesu akuonetsa kuti agalu anayandikira munthu amene mwini nyumba ankamudumpha tsiku ndi tsiku. Ine ndinakhalapo pansi usiku, ndipo ndikudziwa mbali imene mtima wanga umagwera.

Koma nkhani imene inandimasula kwenikweni ndi fanizo la Natani, pa 2 Samueli 12. Mneneri akufuna kuonetsa Davide kukula kwa tchimo lake, ndipo akusankha nkhani ya munthu wosauka amene analibe kanthu koma kamwana kankhosa kamodzi kakakazi. Kanakulira pamodzi ndi ana ake, kankadya chakudya chake, kankamwera m'chikho chake, kankagona pachifuwa pake, ndipo kanali ngati mwana wake wamkazi. Munkhani monsemo palibe amene akuseka wosaukayo kuti nkhosa ndi nkhosa. Davide, amene anali mbusa asanakhale mfumu, anapsa mtima mpaka kunena kuti wolanda kankhosako ayenera kufa. Ngati chikondi cha munthu pa chiweto chake chikanakhala chopusa, Mulungu sakanachigwiritsa ntchito pothyola mtima wa mfumu.

Pemphero linabwerera pang'onopang'ono, ndipo linabwerera kudzera kwa galu yemweyo. Martin Luther, mphunzitsi wachikhristu wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1500, anali ndi galu dzina lake Tölpel. Ophunzira ake amene ankalemba zimene ankayankhula pa tebulo anasunga nkhani yoti tsiku lina galuyo anali chiyang'anire nyama imene mbuye wake ankadya, kukamwa kuli yasa, maso osaphethira, ndipo Luther ananena kuti akanakonda akanamatha kupemphera ngati mmene galuyo akuyang'anira nyamayo, maganizo onse ali pa chinthu chimodzi. Phulusa ankandiyang'ana choncho m'mawa uliwonse. Sankadziwa kuti ndamusungira chiyani, sankandifotokozera njala yake, ankangokhala pamaso panga n'kuyang'ana. Salimo 145:15 limati maso a zamoyo zonse amayang'ana kwa Inu, ndipo Inu mumazipatsa chakudya pa nthawi yake. Ndinaganiza kuti, ngati mawu andithera, kuyang'ana kokha ndingathe. Ndiye usiku uja ndikakhala pansi, ndinasiya kudzikakamiza kupanga ziganizo. Ndinkangokhala pamaso pa Mulungu monga galu ankakhalira pamaso panga.

Kenako ndinazipeza zitalembedwa mu Aroma 8, chaputala chomwe chija anthu ankandiwerengera vesi 28. Mavesi a m'mbuyo mwake ali ndi kubuula katatu. Pa vesi 22 chilengedwe chonse chikubuula. Pa vesi 23 ifenso tikubuula mkati mwathu. Pa vesi 26 Mzimu mwini akutipempherera ndi kubuula kosaneneka, chifukwa sitidziwa mmene tingapempherere. Galu akupumira m'mwamba paphazi langa, ine ndikupumira m'mwamba nditatsamira khoma, ndipo Paulo akuti panali Wachitatu. Miyezi yonse ija ndinkayesa kuti sindikupemphera.

Ndikudziwa kuti madokotala ali ndi mafotokozedwe awo. Mu 2015 ofufuza a ku Japan anafalitsa mu magazini ya Science zotsatira zoonetsa kuti galu ndi mwini wake akayang'anana m'maso kwa nthawi, onse awiri timadzi ta m'thupi totchedwa oxytocin timachuluka, timadzi tomwe tija timathandiza mayi ndi khanda lake kukondana. Zimenezi sizindichotsera kanthu. Mkate wa Eliya nawonso unali mkate weniweni, wolowa m'mimba. Amene anaumba thupi langa ndi amene anaumba la galu, ndipo sindidabwa kuti anasiya njira pakati pa awiriwa.

Panalinso chinthu china chosavuta kumvetsa. Galu amafunika kudya ngakhale iwe usakufuna kudzuka. Amafunika kuyenda. Miyambo 12:10 imati wolungama amasamalira moyo wa chiweto chake, ndipo masiku ambiri vesi limeneli ndi limene linkandichotsa pabedi. Ndikatuluka naye, dzuwa linkandiwomba ndisanalifune, ndinkakumana ndi anthu n'kuwayankha moni, miyendo inkakumbukira ntchito yake.

Apa ndiyenera kunena zoona za mbali imene ndinalakwa. Patapita pafupifupi chaka, mwana wanga wamkazi anandiuza akulira kuti, "Amayi, mukuyankhula ndi galu kuposa ife. Ifenso bambo athu anamwalira." Sindinayankhe, chifukwa ankanena zoona. Galu anali wosavuta: sankandifunsa mafunso, sankafuna kuti ndimutonthoze ndi mawu, sankandikumbutsa nkhope ya amuna anga monga ana ankachitira. Ndinali nditayamba kubisala kumbuyo kwake. Genesis 2 imanena kuti Mulungu anabweretsa nyama zonse kwa Adamu kuti azitche mayina, ndipo anazitcha zonse, koma womuthandiza woyenerana naye sanapezeke. Phulusa akanatha kukhala nane usiku wonse, koma sakanatha kundiuza kuti, "Mukukumbukira tsiku lija bambo anaseka mpaka kugwetsa misozi?" Zimenezo zimafuna munthu. Ine si Mkatolika, koma ndimagwirizana ndi zimene Katekisimu wawo wa 1992 amanena, kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu zoyenera kuchitiridwa chifundo ndipo munthu angazikonde, koma asazipatse chikondi choyenera anthu okha. Mayi wa kutchalitchi uja sanalakwitse zonse ayi. Ndinapepesa ana anga, ndipo Lamlungu lotsatira ndinabwerera kukakhala pampando umene ndinkakhala ndi bambo awo.

Zimanditonthoza kudziwa kuti Akhristu akale anayenda njira imeneyi. Ambiri amadziwa za Francis wa ku Assisi, amene anamwalira mu 1226, yemwe ankatcha zolengedwa abale ndi alongo ake, ndipo mpaka lero matchalitchi ena amadalitsa ziweto cha pa 4 October, tsiku lomukumbukira. Koma amene amandikhudza kwambiri ndi Isaac, bishopu wa ku Nineve wa m'zaka za m'ma 600. Iye anaphunzitsa kuti mtima wachifundo ndi mtima woyaka chifukwa cha chilengedwe chonse, anthu, mbalame, nyama, moti sungapirire kuona kanthu kalikonse kakuvutika. Ndimakonda kuti anali wa ku Nineve, chifukwa buku la Yona limatha ndi Mulungu akufunsa mneneri wokwiya uja ngati sayenera kumvera chisoni mzinda umenewu, wokhala ndi anthu oposa 120,000 osadziwa kusiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere, ndiponso ziweto zambiri. Buku lonse limathera pa ziwetozo. Mulungu powerengera zifukwa zosawonongera mzinda, anawerengera ndi ng'ombe zomwe.

Phulusa anakhala nane zaka zina zisanu. Ubweya wa pakamwa pake unayera, miyendo yakumbuyo inayamba kukana, makutu anasiya kumva. Masabata omaliza ndi ine amene ndinkadzuka usiku kukakhala naye pansi, dzanja langa lili pa nthiti zake, ndikumva mmene zikukwerera ndi kutsika. Anafa m'bandakucha, mutu uli paphazi langa.

Mdzukulu wanga wa zaka 7 anabwera tsiku lomwelo. Anayang'ana mbale ya galu imene inali ikadali pakona, kenako anandiyang'ana ine.

"Agogo, kodi Phulusa apita kumwamba?"

Funso limeneli Akhristu ophunzira akhala akusiyana nalo kwa zaka mazana. Thomas Aquinas anaphunzitsa kuti moyo wa nyama umathera pa imfa ya thupi lake. John Wesley, mu ulaliki wake wa mu 1781 wochokera pa Aroma 8 pomwe paja, ankayembekezera kuti nyama nazonso zidzamasulidwa n'kubwezeretsedwa m'dziko latsopano. Wolemba buku la Mlaliki akuti munthu ndi nyama ali ndi mpweya umodzi ndipo onse amabwerera kufumbi, kenako akungosiya funso lili lendelende. Ine ndimaona kuti pangano la utawaleza pa Genesis 9 Mulungu anapangana ndi Nowa komanso ndi zamoyo zonse, ndipo akubwereza zimenezi kangapo ngati akuopa kuti tiziphonya. Ndimaona kuti Yesaya atafuna kufotokoza mtendere wa Mesiya anadzaza chithunzicho ndi mmbulu, mwana wankhosa, kambuku, mwana wambuzi ndi mkango, kamwana kakang'ono kakuzitsogolera. Ndimaona kuti Yohane anamva cholengedwa chilichonse, chakumwamba, chapadziko, chapansi pa dziko ndi cham'nyanja, chikutamanda Mwanawankhosa. Ndimayembekezera ndi mtima wonse. Koma sindinafune kulonjeza mwana chinthu chimene Yesu sanandilonjeze m'mawu omveka.

Ndinamukhazika pamiyendo panga n'kumuuza kuti tiwerenge masamu. Pa Mateyu 10:29 Yesu akuti mpheta ziwiri zimagulidwa ndi kakobiri kamodzi.

"Ndiye timakobiri tiwiri tigula mpheta zingati?"

Anapinda zala. "Zinayi."

"Koma pa Luka 12:6 Yesu akuti timakobiri tiwiri timagula mpheta zisanu."

Anayang'ananso zala zake, chala chachikulu chili chiimire chokha. "Nanga iyi yachokera kuti, agogo?"

"Imeneyo ndi ya basela. Wogulitsa wangoiponyapo, sanaiwerengere mtengo. Ndipo Yesu akuti pa zisanuzo palibe ngakhale imodzi imene Mulungu amaiiwala."

"Ngakhale ya baselayo?"

"Ngakhale ya baselayo, mwanawe."

Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana chala chija. Kenako anatsika, anatenga mbale ya Phulusa, anakaitsuka yekha, anathiramo madzi n'kukaiika pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba. Anati mbalame zizimwa. Ikadali pomwepo, ndipo m'mawa uliwonse ndisanatsegule Baibulo ndimayamba ndakathiramo madzi.